Unduna wa Zachilungamo suweruza milandu, nanga ntchito yake ndi yotani?

Mu Meyi 2024 dziko linamva kuti mlandu wa katangale womwe malemu Saulos Chilima, wachiwiri kwa Pulezidenti pa nthawiyo komanso mwana wa kuno ku Nsipe, ankazengedwa wathetsedwa. Pa Ntcheu boma, pa Kampepuza mpaka pamsika wa Lizulu nkhaniyi inakambidwa mosiyanasiyana. Wina ankati khoti lawapeza osalakwa, wina ankati Pulezidenti wawakhululukira, winanso ankati nduna ya zachilungamo ndiyo yang'amba mapepala. Pa zitatuzi palibe chomwe chinachitika. Mlanduwo sunafike pachigamulo, chikhululuko chimaperekedwa kwa munthu amene wapezeka kale wolakwa, ndipo malamulo sapatsa nduna mphamvu yothetsa mlandu. Amene anasaina kalatayo ndi mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, yemwe pa wailesi amangomutchula kuti DPP, ndipo pa nthawiyo anali a Masauko Chamkakala.

Kusokonezeka kotereku si umbuli ayi. Maofesi a zamalamulo ndi ambiri, mayina awo amafanana, ena amakhala m'nyumba imodzi ku Lilongwe, ndipo mbiri ya dziko lino inawaphatikizapo kwa zaka zambiri. Tiyeni tiwalekanitse.

Unduna umakhala mbali iti ya bwalo

Malamulo aakulu a dziko lino, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, anagawa mphamvu za boma patatu. Ndime 7 ikunena za Pulezidenti ndi nduna zake, amene amayendetsa dziko. Ndime 8 ikunena za Nyumba ya Malamulo, yopanga malamulo. Ndime 9 ikunena za makhoti, otanthauzira malamulowo ndi kugamula milandu. Unduna wa Zachilungamo uli m'gulu loyambalo, limodzi ndi unduna wa zaulimi, wa zaumoyo ndi ena onse. Nduna yake ndi wandale wosankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo angathe kuchotsedwa mawa lomwe.

Banja likavuta, aliyense amabwera ndi nkhoswe yake. Nkhoswe imalangiza mbale wake, imamulankhulira, nthawi zina imamudzudzula kuseri, koma nkhani ikafika kwa mfumu, nkhosweyo sikhala pampando wogamula. Unduna wa Zachilungamo ndi nkhoswe ya boma. Umalangiza boma pa malamulo, umalilembera malamulo atsopano, umaliimirira likasumiridwa, ndipo kudzera mwa DPP umazenga anthu milandu m'dzina la dziko. Kugamula si kwake.

Choncho majisitireti wa pa Ntcheu boma si wantchito wa undunawu. Iye ali pansi pa nthambi ya makhoti yomwe mutu wake ndi Jaji Wamkulu, ndipo kulembedwa ntchito ndi kulangidwa kwake kumadzera ku Judicial Service Commission. Ndime 103 imanena mosabisa kuti makhoti asalamulidwe ndi munthu kapena ofesi ina iliyonse. Apolisi nawonso sali mu undunawu. Iwo, oyang'anira ndende ndi oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ali pansi pa unduna wa zachitetezo cha m'dziko. Munthu womangidwa pa Tsangano, wosungidwa m'chitokosi cha polisi, wozengedwa pa boma, kenako n'kukalowa kundende ya Ntcheu, wadutsa m'manja mwa maofesi angapo, ndipo mwina sanaonepo nkhope ya wantchito wa undunawu ngakhale mmodzi.

Amene amatsatira nkhani za ku America asasokonezeke. Kumeneko Department of Justice, yomwe inakhazikitsidwa mu 1870, imatsogoleredwa ndi Attorney General mwiniwake, ndipo FBI ndi ndende za boma lalikulu zili pansi pake. Kwathu kuno zinthu zimenezi zinamwazidwa m'maofesi osiyana.

Nthawi imene malire anafufutika

Akuluakulu amene amaganiza kuti undunawu umaweruza ali ndi chifukwa chomveka, pakuti anazionapo. Nduna yoyamba ya zachilungamo dziko litalandira ufulu mu 1964 inali Orton Chirwa, loya amene anayambitsa nawo chipani cha Malawi Congress mu 1959. Iye analinso Attorney General. Chaka chomwecho anasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda pa mkangano waukulu wa pakati pa Banda ndi nduna zake, n'kuthawira kunja.

Mu 1969, pa nthawi imene kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre kunautsa mkwiyo woti makhoti achizungu akumasula opalamula, Nyumba ya Malamulo inakweza mphamvu za makhoti amakolo. Makhoti a m'zigawo anayamba kuzenga milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhale youkira boma. Ambiri okhala pa mipando yake anali mafumu. Maloya sankaloledwa kuimira wozengedwa, apilo inkathera ku khoti lamakolo lalikulu osafika ku Supreme Court, ndipo makhotiwa ankayang'aniridwa ndi Unduna wa Zachilungamo, womwe kwa zaka zambiri nduna yake anali Dr. Banda yemweyo. Wosuma, wosankha oweruza ndi wosaina chilango cha imfa anakhala munthu mmodzi.

Anthu a ku Ntcheu nkhaniyi amaidziwa bwino. Albert Muwalo, mwana wa boma lino yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani komanso munthu woopedwa kwambiri m'nthawi yake, anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti lotere limodzi ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi achinsinsi, ndipo ananyongedwa mu 1977. Kaya munthu amamukumbukira bwanji Muwalo, njira yomwe anazengedwera ndi yomweyo imene inadzagwira Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera: anagwidwa mu Disembala 1981, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Nduna yoyamba ya zachilungamo inazengedwa popanda loya.

Makhoti amakolo a m'zigawo anaimitsidwa mu 1993, ndipo amene analemba malamulo a 1994 anali ndi zonsezi m'maganizo. N'chifukwa chake anachotsa makhoti onse m'manja mwa unduna, n'kumanga mipanda kuzungulira maofesi awiri otsatirawa.

Mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo

Ndime 98 inakhazikitsa ofesi ya Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Amasankhidwa ndi Pulezidenti. Chodabwitsa n'chakuti ndimeyi imalola kuti udindowu ukhale wa nduna kapena wa munthu wogwira ntchito m'boma wamba, ndipo ukakhala wotere nthawi yake ndi zaka 5. Kawirikawiri nduna ndi Attorney General amakhala anthu awiri, monga pamene Jane Ansah, mayi woyamba pa udindowu, anaugwira kuyambira 2006 mpaka 2011. Koma mu 2012 Ralph Kasambara anagwira maudindo onse awiri nthawi imodzi, ndipo lamulo silinaphwanyidwe.

Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku si milandu ya akuba mbuzi. Unduna wa zamisewu ukafuna kusaina mgwirizano ndi kontalakita, kapena boma likafuna kutenga ngongole kunja, mapepala amayenera kudutsa m'ofesi yake. Galimoto ya boma ikagunda munthu pa msewu wa M1, kapena apolisi akasunga munthu popanda chifukwa, amene amalembedwa pa samani ngati wosumiridwa ndi Attorney General, ngakhale iye sanalipo pamalopo. Lamulo limafuna kuti wofuna kusumira boma ayambe walembera ofesiyi kalata yodziwitsa, n'kudikira miyezi 3 asanakalembetse mlandu. Anthu ambiri amagwa pa mfundo yomweyi. Ndipo kupambana kukhoti si kulandira ndalama: chipukuta misozi chimachokera ku thumba la boma, ndipo kudikira kwake kumadziwika ndi aliyense amene anayesapo.

Pansi pake pali Solicitor General, amenenso ndi mlembi wamkulu wa undunawu, woyang'anira antchito ndi ndalama. Palinso maloya olemba mabilu, anthu osatchuka koma ofunika zedi. Pamene malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya kwa anzathu ku Dedza inkathetsa maukwati a ana, panali vuto loti lamulo la maukwati la 2015 linkati zaka 18, pomwe malamulo aakulu ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mfumu sikanatha kukonza zimenezo. Panafunika bilu yolembedwa ndi undunawu, yomwe nduna Samuel Tembenu anapita nayo ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2017, aphungu n'kuivomereza. Unduna unalemba, koma opanga lamulo anali aphungu.

DPP ndi mphamvu zake zitatu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akabedwa, timati mlandu ndi wake, koma pamaso pa lamulo mlandu waupandu ndi wa dziko. N'chifukwa chake mapepala amalembedwa kuti Republic ikuzenga uje, ndipo wobedwayo amangokhala mboni. Amene amagwira chingwe cha milandu yonseyi ndi DPP.

Ndime 99 imamupatsa mphamvu zitatu. Angathe kuyambitsa mlandu kwa munthu aliyense m'khoti lililonse kupatula la asilikali. Angathe kulanda mlandu womwe wayambitsidwa ndi wina, kaya polisi kaya bungwe, n'kuupitiriza yekha. Ndipo angathe kuuthetsa nthawi iliyonse chigamulo chisanaperekedwe. Mphamvu yachitatuyi ndi imene imautsa mapiri pachigwa.

Kuthetsa mlandu si chinthu chachilendo pachokha. Mboni zimamwalira, umboni umasowa, wodandaula amasamukira ku Johannesburg osabwereranso, ndipo kupitiriza mlandu wopanda umboni ndi kuzunza munthu komanso kuwononga ndalama za msonkho. Koma mphamvu yotere ingathenso kupulumutsa mnzako. Olemba malamulo anaona zimenezi, ndipo analamula kuti DPP akathetsa mlandu apereke zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Lamulo la kazengedwe ka milandu limawonjezera kuti ngati mlandu wathetsedwa wozengedwa asanauzidwe kuti adziteteze, amamasulidwa koma boma lingathe kuuyambitsanso mkati mwa miyezi 6. Ngati unali utafika poti adziteteze, amatengedwa kuti ndi wosalakwa. Mlandu wa a Chilima, amene anamangidwa mu Novembala 2022 ndipo ankaukana, unathetsedwa ndi mphamvu imeneyi ya DPP. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Meyi 2023, mlandu wa mtsogoleri wakale Bakili Muluzi wokhudza K1.7 biliyoni, womwe unakhala m'khoti zaka zoposa 10, unathetsedwanso chimodzimodzi. Ena anati nthawi inali itakwana, ena anati ndale zalowererapo. Chomwe tinganene motsimikiza n'chakuti pa milandu yonse iwiri khoti silinagamule za umboni.

DPP amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma, mosiyana ndi Attorney General, amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya aphungu yoona za anthu osankhidwa pa maudindo. Nthawi yake ndi zaka 5. Ndime 101 imati agwire ntchito mosalamulidwa ndi munthu aliyense, kenako n'kuwonjezera kuti amamvera malangizo a Attorney General, kaya okhudza milandu yonse kaya mlandu umodzi. Muwerengenso chiganizo chimenecho. Munthu wodziimira payekha akulandira malangizo kwa munthu wosankhidwa ndi Pulezidenti yekha, yemwenso angathe kukhala nduna. Kwa ine, apa ndi pamene mpanda wa 1994 unasiyidwa waufupi. Kenya, polemba malamulo ake atsopano mu 2010, inachotseratu DPP pansi pa Attorney General. Koma otsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo yawo: munthu wokhala ndi mphamvu yomanga ndi kumasula popanda womuyang'anira aliyense ndi woopsanso, ndipo wandale amakayankha kwa ovota pamene wantchito wa boma sayankha.

Nanga pa Ntcheu boma, DPP mumamuona? Ayi. Maloya ake, otchedwa ma State Advocate, ndi ochepa ndipo amakhala m'mizinda ikuluikulu. Ndime 100 imamulola kugawira ena mphamvu zake, choncho amene amaima pamaso pa majisitireti n'kumawerenga mlandu wa kuba, wa ndewu kapena wa pamsewu ndi wapolisi wophunzitsidwa kuzenga milandu. Malipiro ndi yunifolomu ndi za polisi, koma mphamvu yozengera ndi yobwereka kwa DPP. Milandu ikuluikulu ngati yakupha ndi youkira boma majisitireti sangaigamule. Doketi imatumizidwa kwa DPP ndipo mlandu umapita ku High Court. Apa ndi pamene anthu amakalambira pa limandi. Ndime 42 imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo lamulo limaika malire a masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha. Pa pepala zili bwino. Koma doketi ikamachoka kupolisi kupita kwa DPP, kubwerera kuti akawonjezere umboni, kudikira lipoti la dokotala, kudikira jaji ndi ndalama zoyendera mboni, miyezi imasanduka zaka, ndipo ofesi iliyonse imaloza chala inzake.

Oyandikana nawo koma osakhala ake

Bungwe lothana ndi katangale la ACB linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Limafufuza lokha ndipo lili ndi maloya ake, koma kwa zaka zambiri silinkaloledwa kuzenga mlandu popanda chilolezo cha DPP. Kukokana pakati pa maofesi awiriwa kunaonekera poyera mu 2022, nthawi ya Martha Chizuma ku ACB ndi Steven Kayuni ku ofesi ya DPP. Chaka chomwecho aphungu anachotsa lamulo la chilolezolo. Komabe mphamvu za ndime 99 sizinakhudzidwe, n'chifukwa chake DPP anatha kuthetsa mlandu wa a Chilima ngakhale unayambitsidwa ndi ACB.

Ombudsman, Human Rights Commission ndi Law Commission ndi maofesi okhazikitsidwa ndi malamulo aakulu, si nthambi za unduna. Law Commission imaunika malamulo akale n'kupereka malipoti, koma lipoti silikhala bilu mpaka unduna ndi nduna zonse atalitenga, ndipo malipoti ena abwino agonera m'mashelefu pa chifukwa chimenechi.

Maofesi amene munthu wamba amawafunadi

Kunena zoona, mlimi wa mbatata ku Tsangano sadzakumana ndi Attorney General moyo wake wonse. Amene iye angawafune ndi ena.

Woyamba ndi Administrator General, woyang'anira chuma cha masiye pamene womwalira sanasiye wilo kapena palibe woyenera kuchigawa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi odalira womwalirayo patsogolo, ndipo linachititsa kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu. Kuno kumene mabanja ena amatsata chikamwini, ena chitengwa ndi malowolo, lamuloli limawombana ndi mwambo kawirikawiri, ndipo malume amene amaganiza kuti nyumba ya pa boma ndi ya mbumba yake amadabwa akaitanidwa. Chuma chochepa chimayambira ku ofesi ya DC.

Wachiwiri ndi kalembera wa makampani, mayina a bizinesi ndi zizindikiro za malonda, ntchito imene kwa zaka zambiri yakhala ya Registrar General. Chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya kubadwa si za kumeneko. Izo ndi za NRB.

Wachitatu ndi wothandiza osauka pa milandu. Kale imeneyi inali nthambi ya undunawu, zomwe zinkatanthauza kuti loya wokuzenga ndi loya wokuteteza anali ndi bwana mmodzi. Lamulo la 2011 linaichotsa n'kupanga Legal Aid Bureau yoima payokha, yomwe inayamba ntchito mu 2015. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo, ndipo m'ndende zambiri amene amafotokozera akaidi za belo ndi ma paralegal, anthu ophunzira zamalamulo koma osakhala maloya, monga a bungwe la PASI.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi lija la ndime 101. Kodi DPP azilandirabe malangizo kwa Attorney General? Ngati inde, kodi malangizowo asamalembedwe ndi kuonetsedwa kwa aphungu, kuti tidziwe pamene DPP waganiza yekha ndi pamene wauzidwa?

Lachiwiri likukhudza zifukwa zothetsera mlandu. Zimapita ku komiti ya aphungu, koma malamulo aakulu sanena chimene komitiyo ichite ikapanda kukhutira. Ena akufuna kuti khoti lizivomereza kaye mlandu usanathetsedwe, makamaka wa katangale. Ena akuti zimenezo zingasandutse jaji kukhala wozenga milandu, chinthu chomwe tinachithawa mu 1994. Nkhaniyi imakula boma likasintha, pamene amene ankazengedwa dzulo alowa m'maudindo ndipo amene ankazenga ayamba kuitanidwa kupolisi.

Palinso funso loti Attorney General amatumikira ndani, boma la lero kapena dziko lonse. Pa mlandu wa chisankho cha 2019, womwe chigamulo chake chinatuluka pa 3 Febuluwale 2020, Kalekeni Kaphale anaimira bungwe la chisankho la MEC ali Attorney General, ndipo zinautsa mtsutso ngati mlangizi wa boma ayenera kulowa pa mkangano wa opikisana pa mpando wa Pulezidenti.

Kenako pali mafumu. Milandu yambiri ya malo, ya mabanja ndi ya ziweto zodya mbewu imathera pabwalo la nyakwawa kapena la gulupu, kuyambira kwa Ganya mpaka kwa Njolomole, osafika pa boma. Ndime 110 imalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a m'madera ozenga nkhani za mwambo ndi milandu ing'onoing'ono, ndipo lamulo lotero linavomerezedwa mu 2011, koma kwa zaka zambiri makhotiwo sanatsegulidwe. Ofuna makhotiwa amati munthu wa ku Kasinje asamawononge ndalama ya thiransipoti chifukwa cha mlandu wa nkhuku. Owakayikira amakumbukira 1969, ndipo amafunsa kuti adzasankha oweruza ake ndani, adzawalipira ndani, ndipo apilo yake izidzapita kuti.